Phunziro: Mai Wamasiye ndi Cuma Cosiyidwa

Pamaliro ife a Cigwirizano ndife timaphika, kuimba ndi kugona pafupi ndi mnzathu woferedwa. Koma nthawi zambiri mavuto ake amakula ife titabalalika, pamene abale a malemu ayamba kufunsa makiyi a nyumba ndi kadi la kubanki. Lero tiphunzire zimene lamulo la Zambia likunena, kuti pomutonthoza tidziwenso momuthandizira.

Lamulo logawa cuma

Mwamuna akamwalira osalemba wilo, cuma cake cimagawidwa motsata lamulo la Intestate Succession Act la 1989. Pa magawo 100 alionse, mkazi alandira 20, ana 50, makolo a malemu 20, ndipo amene malemu anali kuwasunga 10. Mwacitsanzo, pa K100,000 mai atenga K20,000 ndipo ana K50,000. Ana onse a malemu ali ndi gawo, ngakhale obadwa kunja kwa ukwati. Ngati akazi anali awiri kapena atatu, agawana gawo limodzi lomwelo la 20.

Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi ndi mapoto, ndi wa mai ndi ana. Nyumba nayonso ndi ya mai ndi ana, ndipo mai ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Lamuloli silikhudza minda ya kumudzi imene ili m'manja mwa mafumu. Nkhani ya munda iyambire kwa anyakwawa ndi amfumu, ndipo mai asapiteko yekha.

Woyang'anira cuma, amene timamucha adiministireta, amavomerezedwa ndi khoti. Nchito yake ndi kusonkhanitsa cuma, kulipira ngongole ndi kugawa motsata lamulo. Udindowo sumupatsa cuma ca malemu, ndipo mai wamasiye naye akhoza kusankhidwa. Kulanda cuma ca amasiye ndi mlandu, ndipo wolakwa akhoza kulipitsidwa kapena kuikidwa m'ndende. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limati kulanda katundu ndi kukakamiza mai kulowedwa cokolo ndi nkhanza.

Tipite kuti?

1. Kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, imene imaona milandu ya nkhanza ndi kulanda katundu.
2. Ku Local Court kapena kwa majisitireti, pankhani ya adiministireta. Kwa majisitireti mungapemphenso cikalata coletsa wankhanza kukuyandikirani.
3. Ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women, ngati mulibe ndalama ya loya.
4. Ku One Stop Centre ya kucipatala, ngati mwamenyedwa kapena kugwiriridwa. Pitani msanga, tsiku lomwelo.
5. Imbani 933 pafoni, ndi yaulere.

Tikonzeke nthawi ikalipo

Sungani pamalo abwino cikalata ca ukwati, mapepala a kubadwa kwa ana, mapepala a nyumba ndi malisiti a katundu amene munagula. Kambiranani ndi abambo kunyumba za kulemba wilo, pakuti kulemba wilo sikuitana imfa. Maliro akacitika, katundu yense alembedwe pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo mai asasaine pepala lililonse limene sanalimvetse.

Ena amati kupita kukhoti ndi kusowa ulemu kwa apongozi. Werengani Numeri 27:1-11. Ana aakazi asanu a Tselofekadi anaimirira pamaso pa Mose ndi msonkhano wonse kupempha colowa ca atate wao. Anapempha mwaulemu, ndipo anapatsidwa.

Mafunso okambirana

1. Ndi miyambo iti ya pamaliro kwanu imene imasautsa amasiye?
2. Victim Support Unit yapafupi ndi mpingo wanu ili kuti, ndipo ndani angaperekeze mai wamasiye kumeneko?
3. Tingawalankhule motani abale a malemu kuti mtendere ukhalepo, koma ana asataye gawo lao?