PHUNZIRO: KUPALASA KAYAKI KUPITA KU CHILUMBA CHA MUMBO

Anzanga, phunziro la sabata ino likutitengera ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Kumeneko alendo amabwereka timabwato topepuka totchedwa kayaki n'kumapalasa kupita ku zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Kayaki imasiyana ndi bwato lathu losema. Ndi yapulasitiki, yopapatiza, ndipo nkhafi yake imapalasa mbali zonse ziwiri. Zilumbazi zili m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park lomwe linakhazikitsidwa mu 1980. Enafe mawa tidzagwira ntchito yoperekeza alendo, ena tidzangopita kukaona mbuna. Tonsefe tisunge mfundo iyi: ulendo wa kuchilumba umakonzedwa kuyambira pobwerera.

1. Idziweni mphepo

Panyanja yathu pali mphepo zodziwika ndi mayina. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa ndipo umalimba nyengo yozizira, makamaka June ndi July. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umakonda nyengo ya mvula.

Tsono taonani mapu. Mumbo ali kumpoto chakumadzulo kwa mudzi wa Chembe, pafupifupi makilomita 10 kuchokera kugombe. Ndiye kuti mwera umawomba kuchoka kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Mapiri a kuseri kwa mudziwo amautchinga, choncho ukaima pamchenga madzi amaoneka bata, phee! Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Ukangotalikira, mphepo ija imakupeza n'kumakukankha kumsana. Umaona ngati ndiwe katswiri, eti? Koma pobwerera mphepo yomweyo ili pamphumi pako, mafunde akula, mikono yatopa. Choopsa china n'chakuti ukachiphonya chilumbacho, kutsogolo kuli madzi okhaokha.

Musananyamuke mverani za nyengo pa wailesi, chifukwa nthambi yoona zanyengo imachenjeza mwera ukamabwera. Funsaninso asodzi a pagombepo. Iwo amayang'ana mitambo ndi mafunde n'kudziwa tsiku loipa. Paja safunsa anadya phula.

2. Chitani masamu

Ku fiziki tinaphunzira kuti nthawi timaipeza pogawa mtunda ndi liwiro. Tiyerekeze kuti popita, mphepo ili kumbuyo, mukuyenda makilomita 5 pa ola. 10 kugawa ndi 5, ndi maola 2. Pobwerera mukulimbana ndi mphepo, liwiro latsika kufika pa makilomita 2 pa ola. 10 kugawa ndi 2, ndi maola 5! Mtunda ndi womwewo, koma nthawi yaposa kuwirikiza kawiri.

Mwanyamuka 8 koloko m'mawa, mwafika 10 koloko. Mwasambira, mwadya, mwacheza mpaka 1 koloko masana. Kugombe mudzafika 6 koloko. Mu June nthawi imeneyo dzuwa limakhala litalowa kale. Kayaki ilibe nyali, ndipo woyendetsa boti la injini sangakuoneni mumdima. N'chifukwa chake muyenera kugwirizana ola lotembenukira musanakankhe kayaki pamadzi. Ola limenelo likakwana, tembenukani basi, kaya chilumba mwachifika kaya ayi.

3. Zonyamula

Jekete yoyandamitsa munthu: muivale ndi kumanga malamba ake. Yoikhalira pansi ngati mtsamiro siipulumutsa munthu.
Madzi akumwa ndi kamba wapaulendo, monga mbatata yophika kapena mtedza.
Chipewa, chifukwa pamadzi palibe mthunzi.
Foni yodzaza moto, yomangidwa bwino m'jumbo kuti isanyowe.
Wezulo ndi tochi zoitanira thandizo.
Chigubu chodula chokapira madzi.
Chingwe chomangira nkhafi ku kayaki. Nkhafi ikatayika, ulendo wathera pomwepo.

4. Musapite nokha, musapite mozemba

Pitani ndi makayaki awiri kapena atatu, pakhalenso wamkulu wodziwa njirayo. Yendani moyandikana kuti muzimvana mukafuula, ndipo muziyendera liwiro la amene ali wofooka. Kumtunda siyani munthu wodziwa kumene mwalowera, chiwerengero chanu ndi ola lobwerera. Ola likapitirira iye ndiye adzamemeza anthu. Ngati palibe akudziwa kuti muli panyanja, adzakufunani ndani? Ongoyamba kumene ayambire ku Thumbi, komwe ndi pafupi, osati kuthamangira ku Mumbo.

5. Ikagubuduka

Musachite phuma. Gwiritsitsani kayaki ndi nkhafi. Musaisiye n'kuyamba kusambira kulowera kumtunda, ngakhale mutakhala namatetule wa kudambo kwanu. Pamadzi mtunda umanamiza, umaoneka pafupi pamene uli kutali. Komanso mphepo imathamangitsa kayaki yopanda munthu kuposa mmene inu mungasambirire. Okufunani adzaona msanga kayaki yofiira kapena yachikasu kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde. Kukwereranso kayaki uli m'madzi n'kovuta ndithu, choncho yeserani kaye pamadzi osaya mpaka muzolowere.

Mwera ukalimba muli pachilumba, khalani pomwepo, imbani foni, dikirani. Kugona ndi njala usiku umodzi si maliro.

Ntchito: Pogwiritsa ntchito liwiro la pobwerera lija, kodi muyenera kuchoka ku Mumbo nthawi yanji kuti mufike ku Chembe 4 koloko madzulo? Nanga mudzakhala ndi nthawi yochuluka bwanji yocheza pachilumba? Lembani yankho pakapepala, mupatse a komiti ya nyuzi ya pakhoma lisanafike Lachisanu.

Wolemba: mnzanu wa Folomu 2