Mbozi ya Silika ndi Manyowa a Mpunga

Kwa inu alimi a mpunga a ku Likangala, ku Khanda, ku Domasi ndi m'midzi yonse yoyang'anana ndi nyanja ya Chilwa, amene chaka ndi chaka muona mtengo wa thumba la Urea ukukwera pamene nthaka ikunka nifooka, tifuna kukudziwitsani kachiweto kamene makolo athu sanakawete, ndiko mbozi ya silika.

Anthu a ku China aweta mboziyi kwa zaka zoposa 4,000 chifukwa cha ulusi wake, ndipo kuno ku Africa iwetedwa ku Madagascar ndi ku Thika m'dziko la Kenya. Chakudya chake ndi masamba a mabulosi okha. Ikaswa m'dzira imachepa ngati nyerere, koma pakutha pafupifupi masabata 4, itafundula kanayi, imafika utali wa chala cha munthu wamkulu, nileka kudya, niyamba kuluka chikwa chimene amalonda amagula. Masiku otsiriza isanayambe kuluka imadya usana ndi usiku, kotero kuti wolowa m'nyumba yowetera amamva phokoso la kutafuna kwake, ndipo pansi pa lichero loweteramo mbozi amapezapo zitosi zakuda, zouma, zosanunkha, zosakanikirana ndi mitsitsi ya masamba ndi makungu ofundulidwa.

Zinyalala zimenezi ndizo phindu la mlimi wa mpunga, pakuti tsamba la mabulosi lili ndi chonde chambiri, ndipo mbozi imangotengako gawo, chotsalacho nichibwezera kwa mwini wake chitaphwanyidwa kale. Musazithire m'munda zili zaziwisi, chifukwa powola zimatentha ndipo zingawaule mbande. Kumbani dzenje pamalo okwera osafika madzi, kutali ndi nyumba ya mbozi kuti matenda asabwerere. Yalanimo zitosi ndi mapesi a mpunga mosinthanitsa, muwaze madzi, mukwirire ndi dothi, ndipo mutembenuze mwezi uliwonse kufikira zitada ndi kufumbutuka, patapita miyezi 2 kapena 3.

Tisanamizane: malichero ochepa sangadyetse munda wonse, ndipo manyowawa sachotseratu feteleza. Chifukwa chake yambani ndi nazale, popeza akulu anati m'mera mpoyamba; sakanizani manyowa ndi dothi musanafese Faya kapena Kilombero wanu, ndipo otsala muwathire posalaza munda musanawokere. Amene ali ndi dziwe la nsomba adziwenso kuti ku Huzhou, ku China komweko, alimi amaponya zitosizi m'dziwe, matope a m'dziwemo nawathira pa mabulosi.

Mabulosi salola madzi odikha, choncho bzalani nthambi zake kumtunda, pafupi ndi nyumba, osati m'dambo. Mbozi nayo ifuna nyumba yozizira bwino ndi yopita mphepo, pakuti kutentha kwa Okutobala m'chigwa chino kungaifoole. Nthawi yabwino yoweta ndiyo mvula ikatha, masamba ali ochuluka. Miyendo ya thandala la malichero iikidwe m'zitini za madzi pokaniza nyerere, ndipo mipata yolowera makoswe ndi abuluzi itsekedwe. Koposa zonse, fodya ndi mankhwala opopera mbewu ndi imfa kwa mbozi: wosuta asambe m'manja asanakhudze masamba, ndipo mabulosi asayandikane ndi munda wa fodya kapena wa thonje.

Musanafune mazira, kambiranani m'kalabu yanu pamodzi ndi alangizi za wogula zikwa. Mitengo yokha bzalani ndi mvula yoyamba, pakuti ngakhale wogula zikwa atasowa, masamba ake mbuzi nazonso zimadya.