Kodi khadi la zopereka lingatseke khomo la kumwamba?

FUNSO: Abusa, ndine mayi wa Mvano. Geni yanga ya kaunjika inagwa chaka chatha, ndipo khadi langa la zopereka lili ndi mipata yambiri. Mkulu wina wa mpingo anandiuza kuti wosamvera sadzapulumuka, komanso kuti mwina mpingo sudzaimba pa maliro anga. Ndakhulupirira Yesu kuyambira ndili mtsikana. Kodi chikhulupiriro changachi n'chachabe?

Mayi wodandaula, Blantyre

YANKHO: Pepani mayi, mawu amenewo ndi olasa mtima. Mkuluyo wanena zoona kuti kumvera n'kofunika, koma wasandutsa kumverako kukhala mtengo wogulira chipulumutso.

Nkhani ya Abrahamu imathandiza kwambiri. Pa Genesis 15, nkhalambayo inakhulupirira lonjezo lakuti idzakhala ndi mwana, ndipo Mulungu anaiyesa yolungama pomwepo. Mdulidwe unadza pa mutu 17, Abrahamu ali ndi zaka 99. Ulendo wa ku Moriya, Isake atasenza nkhuni, uli pa mutu 22. Paulo pa Aroma 4 akuloza chiyambi chija, pamene Abrahamu analandiridwa asanadulidwe n'komwe. Yakobo pa mutu 2 wa kalata yake akuloza Isake ali paguwa la nsembe, pofuna kuonetsa kuti chikhulupiriro chamoyo chimaonekera m'ntchito. Onse awiri akukamba za munthu mmodzi, koma choyamba chinali kukhulupirira.

Funso limeneli la chikhulupiriro ndi ntchito linagawa Akhristu kwa zaka mazana. Mu 1522 Martin Luther anafika potcha kalata ya Yakobo kuti ndi ya udzu, ndipo mu 1547 Msonkhano wa ku Trent unayankha m'malo mwa Akatolika. Koma pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Akatolika ndi Alutera anasainirana mgwirizano wovomereza kuti munthu amalandiridwa mwa chisomo pokhulupirira Khristu, osati chifukwa cha zomwe wachita, ndipo Mzimu Woyera ndiye amamupatsa mphamvu zochitira zabwino. Amethodisti anauvomereza mu 2006, ndipo bungwe la padziko lonse la mipingo ya Reformed ndi Presbyterian linatero mu 2017.

Kumvera kumene Malemba amafuna kumaoneka pa Zakeyu: Yesu atalowa m'nyumba mwake, iye analonjeza kubweza kanayi zomwe analanda anthu. Mayi amene geni yake yagwa sali m'gulu la olanda. Paulo pa 2 Akorinto 8 amaphunzitsa kuti munthu apereke molingana ndi zomwe ali nazo, ndipo Yesu anayamikira mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri.

Khadi ndi kaundula wa mpingo, wothandiza poyendetsa ntchito, ndipo kuopseza nalo mkhristu wovutika n'kulakwa. Mayi, musadzibise. Tengani wapampando wa Mvano mukaonane ndi abusa a pampingo panu, mukafotokoze momwe geni inagwera, ndipo mukapemphe kuti akuuzeni malamulo enieni a mpingowo pa nkhani ya maliro. Pakadali pano pitirizani kuyendera odwala ndi amayi anzanu, kupereka kochepa komwe mwapeza, ndi kudya Mgonero.