Amphaka opanda mwini: agwireni, abayitseni katemera, musawathire poizoni

Chimanga ndi mtedza zikangolowa m'nkhokwe, amphaka opanda mwini amachuluka kuno ku Zemba ndi m'midzi ina ya m'boma la Chadiza. Iwo amatsata makoswe, makoswewo amatsata zokolola. Ena anabadwira pansi pa nkhokwe ndipo dzanja la munthu salidziwa. Ena anasiyidwa pabwinja eni ake atasamuka. Banja likatopa nawo limathira poizoni m'makombo, kapena kulonga tiana tawo m'thumba n'kukataya kutchire. Njira ziwirizi zimaika banjalo pachiswe kuposa mmene mphakayo akanachitira. Chotiteteza ndi kukhala ndi amphaka ochepa, odziwika, obayidwa katemera ndiponso osabereka.

Kupha sikuwachepetsa. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere asanakwane miyezi 6, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo amaswa kawiri kapena katatu pachaka, tiana titatu mpaka tisanu nthawi imodzi. Mukapha amene alipo koma chakudya chikadalipo, a m'midzi yoyandikana amabwera kudzatenga malowo, ndipo obwerawo simukudziwa kumene adutsa ndi zimene zawaluma. Poizoni naye sasankha. Makombo otcheredwa mphaka amadyedwa ndi nkhuku, galu ndi nkhumba zoyenda momasuka, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuponya m'kamwa.

Pali chifukwa china chopewera poizoni chimene anthu a chigawo cha Kum'mawa sayenera kuchiiwala. Mu 2015 mliri wa makoswe unabuka m'boma la Nyimba. Matendawa amafala ndi nthata za pathupi pa khoswe, ndipo khoswe akafa nthatazo zimafuna magazi ena, a mphaka, a galu kapena a munthu wogona pamphasa. N'chifukwa chake azaumoyo amati yambani mwapha nthata musanaphe makoswe ambiri nthawi imodzi. Wina anganene kuti mphakayo ndiye angabweretse nthata m'nyumba, ndipo sakunama: mphaka wodya makoswe amatha kudwala mliriwu n'kupatsira anthu. Koma mphaka amene mungamuthire mankhwala a nthata ndi wozolowera pakhomo, osati wothawa akangoona munthu. Mankhwalawo akhale opangira amphaka, chifukwa dibi wa ng'ombe ndi mankhwala ambiri a agalu amapha mphaka. Ndipo makoswe akayamba kufa okha m'mudzi, musawagwire ndi manja, anyamata okumba mbewa asawatole. Kaneneni kuchipatala tsiku lomwelo.

Mantha aakulu ndi a chiwewe, ndipo ndi omveka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zokayikitsa, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Ngakhale kuti pafupifupi onse amachitenga kwa galu, mphaka wolumidwa ndi galu wodwala amachitenganso n'kuchipereka poluma kapena pokanda. Taonani nthawi imene anthu amalumidwa: ndi pamene akumuthamangitsa ndi zibonga, kumutsekereza pakona kapena kumukankhira m'thumba. Katemera amene amabaya agalu amabayanso amphaka kuyambira ali ndi miyezi itatu. Azaziweto akalengeza zobaya agalu, monga zimachitikira nthawi ya tsiku lokumbukira chiwewe pa 28 Sepitembala, mphaka naye apite. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo pamadzi othira kwa mphindi 15, osati kungopukuta, kenako apite kuchipatala osadikira kuona ngati bala litupe. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, munthuyo sapulumuka.

Kugwira mphaka wosazolowera anthu kumafuna kuleza mtima. Khwekhwe ndi diwa ayi. Zimenezo zimathyola miyendo, ndipo nyama yovulala imaluma. Pamafunika bokosi lathabwa kapena la waya wa sefa, lotalika ngati mkono, lokhala ndi chitseko chotsetsereka chochirikizidwa ndi kamtengo komangirira chingwe chachitali. Kwa masiku angapo muziika kapenta madzulo, nthawi imodzimodzi, choyamba pakhomo pa bokosilo, kenako m'kati, kenako kumapeto kwenikweni, chitseko chili chotsegula. Tsiku logwira likhale loti mawa lake mwapangana kale ndi wazaziweto. Mphaka akalowa thupi lonse, kokani chingwe, ndipo nthawi yomweyo fundikani bokosilo ndi chitenje chakale, pakuti mumdima amadekha n'kusiya kudzimenyetsa. Liikeni pamthunzi, ana atalikire, chala chisalowe pa waya. Wamkazi woyamwitsa musiyeni kaye mpaka tiana titayamba kudya tokha. Koma mphaka wotuluka dovu, woyenda dzandidzandi, woluma chilichonse, kapena wam'tchire amene mwadzidzidzi wasiya kuopa anthu, ameneyo si wotchera. Chenjezani anansi ndipo dziwitsani azaziweto.

Ena amati m'dera lomwe ngakhale munthu amavutika kupeza thiransipoti yopitira kuchipatala, kuwonongera mphaka ndalama n'kusowa chochita. Koma yerekezani mtengo wa katemera wa mphaka mmodzi ndi maulendo angapo opita kukabayitsa mwana wolumidwa, poti jakisoni wake si wa tsiku limodzi. Kufula mphaka wamwamuna ndi ntchito yaing'ono kwa wodziwa, ndipo wofulidwa amachepetsa ndewu ndi kuyendayenda kumene kumamukumanitsa ndi agalu odwala. Kutseka kubereka kwa wamkazi ndi opaleshoni yofuna dokotala wa ziweto, choncho mabanja angapo agwirizane kudzera kwa anyakwawa, afunse ku ofesi ya zaziweto pa boma la Chadiza, n'kupititsa amphaka awo ulendo umodzi. Lezala la pakhomo lisagwire ntchitoyi. Akachira, mphaka abwezedwe pamalo pomwe anagwidwa, chifukwa kumutaya kwina n'kungosamutsira vuto kwa anzathu, ndipo iye akakhalapo amaletsa achilendo kukhazikika.

Za anapiye, n'zoona kuti mphaka wanjala amawagwira. Mpatseni nsima ndi nsuzi wa nsomba kamodzi patsiku, ndi madzi, kufupi ndi nkhokwe osati pakhitchini. Kukhuta sikumuletsa kusaka mbewa. Anapiye azivundikiridwa ndi dengu kapena kugona m'khola lotseka, monga timachitira kale poopa kabawi ndi vumbwe. Za ufiti, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma phokoso la usiku padenga lija, longa kulira kwa khanda, ndi la amphaka ofunana, ndipo limazilala akafulidwa.

Mayi woyembekezera asamagwire zitosi za mphaka, chifukwa muli tizilombo ta toxoplasmosis timene tingavulaze mwana m'mimba. Wina azizikwirira tsiku ndi tsiku zisanagonere, ndipo ndiwo za kudimba zizitsukidwa bwino. Mphaka wothothoka ubweya mozungulira angapatsire ana zipere, choncho asagone nawo pamphasa, ndipo mwana akamugwira asambe m'manja ndi sopo asanadye.