Sikirini Ikamaphethira: Mafunso ndi Mayankho pa za Dalaiva wa Graphics Card

Kodi dalaiva ndi chiyani?

Ndi pulogalamu imene imathandiza Windows kumvana ndi graphics card, kachipangizo kojambula zonse zimene mumaona pa sikirini. Makadi ambiri ndi a NVIDIA, AMD kapena Intel, ndipo kampani iliyonse ili ndi dalaiva wakewake.

Sikirini imathima pang'ono kenako n'kuyakanso. Kodi khadi yapsa?

Kawirikawiri ayi. Khadi ikakhala chete kwa masekondi 2, Windows imadzutsanso dalaiva, n'chifukwa chake mumaona kuphethirako. Nanunso mutha kumudzutsa podina Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi. Vuto likakula pamabwera sikirini yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE. Musathamangire kuthimitsa, werengani dzina la fayilo lomwe lili m'munsimo. Likakhala nvlddmkm.sys, wavuta ndi dalaiva wa NVIDIA, atikmpag.sys ndi wa AMD, pomwe igdkmd64.sys ndi wa Intel.

Zinayamba nditangoika dalaiva watsopano. Nditani?

Bwererani kwa wakale. Mu Device Manager tsegulani Display adapters, sankhani khadi yanu, pitani pa Driver, dinani Roll Back Driver. Ine ndimati dalaiva amene akugwira bwino ntchito musamusinthe popanda chifukwa, makamaka pa kompyuta yakale.

Nanga zikakanika?

Chotsani dalaiva yense, muyambirenso. Yambani mwakopera woyenera pa webusaiti ya kampani yopanga khadiyo. Ngati ndi laputopu, funani kaye kwa HP, Dell, Lenovo kapena aliyense amene anaipanga. Mafayilowa amadya bandulo kwambiri, choncho asungeni pa fulashi. Kenako zimitsani intaneti, lowani mu Safe Mode, chotsani dalaiva wakale ndi pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller, yatsaninso kompyuta n'kuika watsopanoyo. Intaneti ikakhala yoyaka, Windows Update imatha kukulowererani n'kuika wake musanamalize.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto si dalaiva?

Yang'anitsitsani mukangoyatsa kompyuta. Ngati mizere kapena timadontho tamitundumitundu tikuoneka pa chizindikiro cha kampani Windows isanatseguke, dalaiva alibe mlandu, chifukwa nthawi imeneyo amakhala asanayambe ntchito. Yesani nthambo ina kapena sikirini ina. Tsegulaninso bokosi la kompyuta muone fani ya khadi: fumbi likamatirira m'mapiko mwake, khadi imatentha n'kumathima mukangoyamba gemu kapena kukonza vidiyo. Lipemerereni kompyuta itazimitsidwa musanaganize zogula khadi ina.