Pisito Yatsopano Yatuluka: Chitani Izi Musanatulutse Ndalama

Makampani monga Glock, CZ, SIG Sauer, Beretta ndi Taurus salekeza kutulutsa mitundu yatsopano ya pisito, ndipo kanema wake akangofika pa YouTube, mitima ya okonda mfuti mu Lusaka imayamba kudyokoka. Komatu wogula wa ku Kabwata kapena ku Kabulonga sali ngati wa ku America, amene fakitale ali nayo m'dziko lake lomwe. Kuno laisensi imalembedwa pa mfuti imodzi, ndi nambala yake, kotero mukagula molakwa ndiye kuti mapepala muyambanso poyambirira. Tsatani njira izi.

1. Dziwani ntchito imene mukuifunira

Ya masewera olasa chandamale, yoteteza pakhomo ndi yoyenda nayo m'chiuno sizifanana. Pisito yaikulu ndi yolemera imakhazikika m'manja powombera, pamene yaing'ono yopepuka imakankha kwambiri ndipo imavuta kulondolera. Ngati muli nayo kale ina, lembani chinthu chimodzi chimene yatsopanoyo ingachite chomwe yakaleyo ikulephera. Chikasowa, ndiye kuti ndi chilakolako chabe.

2. Lolani ena ayambe kuiyesa

Apa ndiye pagona nkhani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2014 kampani ya Remington inatulutsa pisito ya R51 ndi chikoka chachikulu, koma chaka chisanathe inaziitanitsanso chifukwa zinkavuta kugwira ntchito, ndipo zokonzedwa zinadzatuluka mu 2016. SIG Sauer P320 inatuluka mu 2014, asilikali a ku America n'kuisankha mu January 2017. M'chaka chomwecho zinadziwika kuti ikagwa pansi mopendekeka mwa mtundu wina imatha kulira yokha, ndipo kampaniyo inapempha eni ake kuti aitumize ikasinthidwe zida zina.

Tangoganizani muli ku Chelstone ndi mfuti yotere. Kuitulutsa m'dziko kuti ikakonzedwe kumafuna chilolezo, kuibweza kumafunanso china. Choncho dikirani chaka chimodzi kapena ziwiri. Muzimvera anthu amene anagula ndi ndalama zawo n'kuwombera nayo nthawi yaitali, osati amene anapatsidwa ndi kampani kuti aitamande. Mitundu ngati CZ 75 ya mu 1975 ndi Glock 17 ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 mavuto ake anadziwika kale, ndipo amisiri anaizolowera.

3. Funsani za zipolopolo ndi zida zosinthira

Zipolopolo za 9mm ndizo zofala kwambiri padziko lonse pa mfuti zam'manja. Mfuti yofuna zipolopolo zachilendo idzangogona m'bokosi. Mufunseni wogulitsa ngati ali ndi magazini ena, masipuling'i ndi chikwama chake cha m'chiuno pompano, osati zoti "zikubwera". Mufunsenso amene adzaikonze ikawonongeka, ndipo lonjezo lake lilembedwe. Zida ndi zipolopolo zambiri zimachokera kunja ndipo zimagulidwa m'madola, ndiye kwacha ikafooka mtengo umakwera.

4. Igwireni, ndipo muwombere nayo

Manja amasiyana. Chala chifike pokhethemulira popanda kupotoza dzanja, ndipo muzitha kukoka chapamwamba chake ndi kuchotsa magazini mosavutika. Kuyesa kuchitikire pabwalo lovomerezeka lowomberapo, pamaso pa mphunzitsi, osati kumunda kwa mnzanu. Yesaninso ina yakale tsiku lomwelo kuti muyerekeze.

5. Yambani ndi mapepala

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a Zambia. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo. Pempho limadzera kupolisi, ndipo poyambira pabwino ndi polisi ya kwanuko, kaya Woodlands, Kabwata, Chelstone kapena Lusaka Central. Apolisi amafufuza mbiri yanu, chifukwa chimene mukufunira mfuti, ndiponso ngati mumadziwa kuigwiritsa ntchito. Kaundula wa mfuti zonse amasungidwa ku Central Firearms Registry. Apolisi akavomereza, laisensi imatuluka kukhonsolo, ndipo mu Lusaka ndi ku Civic Centre, mumsewu wa Independence Avenue. Imakonzedwanso pakatha zaka zitatu zilizonse.

Gulani kwa wogulitsa wolembetsedwa mwalamulo basi, ndipo onetsetsani kuti nambala ya pamfuti ikufanana ndi ya papepala. Musalipire ndalama zonse chilolezo chisanatuluke. Gwirizanani molemba zimene zidzachitike ndi ndalama ya chikole pempho likakanidwa. Munthu wokuuzani kuti ali ndi njira yachidule, kapena kuti akubweretserani mfuti kuchokera ku Johannesburg m'galimoto, akukutengerani kundende.

6. Konzani posungira mfuti isanafike

Pezani bokosi lachitsulo lokiyidwa, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo zipolopolo zizikhala pazokha. Ganizirani onse okhala pakhomo: ana, adzukulu, alendo, antchito. Ngati m'nyumba muli mikangano yosatha, kuledzera, kapena wina amene akuvutika maganizo mpaka kulankhula zodzipha, musagule, ngakhale mfutiyo ikhale yabwino chotani. Musaisiye m'galimoto pamene mwalowa m'sitolo ku Cairo Road, ndipo musaitenge popita komwa mowa. Ikasowa, kaneneni kupolisi nthawi yomweyo.

7. Werengani mtengo wonse

Pamtengo wa mfuti onjezerani wa laisensi, bokosi, magazini, zoteteza makutu ndi maso, mafuta otsukira, malipiro a mphunzitsi ndi zipolopolo zophunzirira chaka chathunthu. Ngati ndalama zikungokwana mfuti yokha, nthawi yogula sinakwane.

Mukafika apa, chigamulo sichivuta. Gulani yatsopanoyo pokhapokha ngati yakhala pamsika nthawi yokwanira popanda kuitanitsidwa, zida zake zikupezeka mu Lusaka, ndipo yakukhalani m'manja kuposa zina. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, sankhani mtundu wodziwika kale, kapena khalani ndi imene muli nayo, ndalamazo mulipire maphunziro ndi zipolopolo zoyeserera.