Mwana wanga wayamba kudana ndi masamu

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Giredi 11 pasukulu ina ya sekondale kuno ku Sinda. Kale ankakonda masamu, koma tsopano akuti aphunzitsi amangofunsa anyamata okhala kutsogolo, iye akakweza dzanja samuona. Kodi zimenezi zingamulepheretse mayeso? Mayi wodandaula, Sinda.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Mu 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa kafukufuku wa pasukulu ina ya pulaimale ku California. Aphunzitsi anauzidwa kuti ana ena adzachita bwino kwambiri, chonsecho anawo anangosankhidwa mwachisawawa. Pakutha pa chaka, anawo, makamaka a m'makalasi oyambirira, anapitadi patsogolo kuposa anzawo.

Mphunzitsi akamakhulupirira mwana, amamupatsa mafunso ovuta, amadikira yankho lake, n'kumusonyeza pomwe waphonya. Akamutayira mtima amangomudumpha, mwananso amatseka kope n'kumati masamu si ake.

Pitani mukaonane ndi aphunzitsiwo mwaulemu, kope la mwana lili m'manja. Afunseni mitu yomwe ikumuvuta, muwapemphe azimufunsa m'kalasi. Zikapanda kusintha, kaonaneni ndi ahedi. Musadikire mayeso a Giredi 12, chifukwa masamu ndi amene amatsegula khomo la unamwino ndi uinjiniya. Kunyumba, muzimuuza kuti angathe.